Mayi Nambala Seveni

Ku Bangwe ukauza munthu kuti ukuphunzira digiri yachiwiri, masitazi a zachipembedzo, amayamba wakuyang'ana kumutu kuti aone ngati wavala duku la chisisitere. Ine mafunso ake ndinawayankha mpaka kutopa, m'minibasi, pa mpopi, ngakhale m'nyumba mwathu momwe. "Ndiye ukamaliza ukhala chiyani? Mkazi sakhala wansembe. Kapena ukufuna kutsegula tchalitchi chako, uzigulitsa madzi odalitsa?" Ameneyo anali mlongo wanga, munthu amene fomu folo inamukana koma pakamwa sipatseka. Ndinkamuyankha kuti ife sitiphunzira kupemphera, timaphunzira anthu opemphera. Yankho limeneli ndinkalikonda zedi, ndinkalinena modzimva shuga, ndipo lero ndikalikumbukira ndimanyansidwa nalo.

Makolo anga anachokera ku Nsanje. Ababa anabwera m'tauni kudzagwira ntchito pa fakitale ina ku Limbe, n'kumanga ku Bangwe pafupi ndi anzawo akumudzi. Mabanja onse a m'dera lathu opita tchalitchi chimodzi tinali mu mphakati umodzi. Tinkapemphera limodzi Lachinayi masana, kuzonda odwala limodzi, kuikana m'manda. Mu mphakati simubisika kanthu. Amadziwa amene wagula matiresi atsopano ndi amene mwamuna wake sanagone pakhomo. Ine ndinakulira momwemo, zonsezi ndinkazidziwa, moti palibe chonamizira.

Pa masitazi umayenera kuchita kafukufuku n'kulemba buku. Ine ndinasankha kulemba za amayi amasiye a kwathu okhala m'tauni, mmene amakhalira pakati pa malamulo a tchalitchi ndi mwambo wa kulowa kufa. Kwathu mwamuna akamwalira, abale ake ena amakakamiza wamasiyeyo kugona ndi mwamuna wina, amene amamutcha fisi, ati kuchotsa imfa pakhomo. Tchalitchi chimaletsa kwamtuwagalu. Asupavaiza anga, bambo wa udokotala wa m'mabuku amene ankayang'anira ntchito yanga, atamva mutuwo anawomba pa tebulo. Anati mutu umenewu mabungwe amaufuna, ndikaulemba bwino ntchito idzandisaka yokha.

Amayi asanu ndi mmodzi oyamba amene ndinacheza nawo anandipatsa madeya okhaokha. Aliyense ankati amangomva kuti zimachitika kumudzi, iye sanazionepo. Ndinabwerako ndi rekoda yodzaza ndi "kaya" ndi "ife ndife Akhristu". Nditasowa mtengo wogwira ndinapita kwa amayi anga aubatizo.

Iwowa ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Ndiwo anandinyamula pa ubatizo ndili wakhanda, ndiwo anandiboola makutu, ndiwo anandilangiza nditakula pamene amayi ondibereka ankachita manyazi. Ankagulitsa milamba yowamba ya ku Bangula mu msika, koma chimene ankadziwika nacho ndi mawu. Pa maliro alionse a mu mphakati wathu iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo. Akavala bulauzi yoyera ndi chitenje cha gulu la amayi, n'kukweza mawu, ngakhale zidakwa za kuseri kwa tenti zinkavula zipewa. Udindo umenewo ndi umene unawaimika pa anthu chimwalirire amuna awo, ndipo china chimene anali nacho panalibe.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba masana, akusankha nsomba pa chiguduli. Ndinatulutsa fomu yopempha chilolezo, monga anatiphunzitsira, n'kuwawerengera.

"Amayi, dzina lanu silidzatuluka. M'bukumo mudzakhala nambala basi. Inu ndinu nambala seveni."

"Nambala? Ngati pa mzere wa kuchipatala?" Anaseka. Kenako anafunsa, "Buku lakelo ndi la Chingerezi?"

"Eya, amayi."

"Basi, a kuno saliwerenga. Yatsa kanthu kakoko."

Anayankhula osandiyang'ana, manja ali pa nsomba. Amuna awo atamwalira, maliro anapita ku Nsanje. Atatha kuika, alamu awo anakana kuwapatsa ana kuti abwerere nawo m'tauni. Anati mkazi wosachotsa imfa akathira mchere m'ndiwo ana amatupa n'kufa, ndiye ngati akufuna Chikhristu chakecho apite yekha, ana atsale. Wamng'ono anali akuyamwa. Anakana masiku anayi. Tsiku lachisanu anavomera. Atabwerera ku Bangwe anakalapa kwa wansembe wina wachikulire amene anasamutsidwa kalekale, ndipo iye anawauza kuti nkhani yatha, asadzainyamulenso.

"Ana anga sadziwa," anatero. "Amayi ako sadziwa. Ndakuuza iwe chifukwa ndinakunyamula pamaso pa Mulungu. Ngati zingathandize kuti wina asadzaone zimene ndinaona ine, lemba."

Ndinalira nawo, misozi yeniyeni. Koma ndisaname, pobwerera kunyumba ndinkayenda ngati ndatola chikwama. Ndinkangogwiragwira rekoda m'thumba kuopa kuti mwina sinajambule.

Asupavaiza atawerenga anati enawo ndi nkhuni zouma, koma seveniyu ndiye buku lonse. Anati ndimupatse thupi, wowerenga amuone, amve fungo la pakhomo pake, chifukwa kafukufuku wabwino sakhala wa mizukwa. Ine n'kumupatsadi thupi. Ndinalemba kuti ndi mayi wa ana asanu wochokera ku Nsanje, wokhala m'tauni ina ya kum'mawa kwa Limbe. Ndinalemba kuti amagulitsa nsomba zowamba. Ndinalemba kuti mwamuna wake anali mlonda, anagundidwa ndi lole akuchokera ku ntchito pa njinga. Ndinalembanso, chifukwa zinkakoma pa pepala, kuti mayi yemweyu ndi amene amayambitsa nyimbo pa maliro a mu mphakati wake. Dzina lokha ndilo ndinachotsa. Malamulo ankanena za dzina, ine dzina ndinachotsa, ndipo aphunzitsi atatu amene anayesa bukulo palibe ndi mmodzi yemwe anaonapo vuto. Akanaliona bwanji? Iwo Bangwe amangoiona pa chikwangwani cha minibasi.

Ndinakhoza mopambana. Pasanathe miyezi itatu ndinaitanidwa ku intavyu pa bungwe lina logwira ntchito ndi atsogoleri a zipembedzo, abusa, ansembe ndi mashehe, pa nkhani za amayi ndi miyambo. Atandifunsa chimene ndingabweretse, ndinawafotokozera za Mayi Nambala Seveni. Ndinadziwa poima, ndinadziwa potsitsa mawu. Mayi wina wa pa gulu lofunsalo anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso, ndipo ndinadziwiratu kuti ntchito ndayipata. Anzanga a m'kalasi ena anakakhala aphunzitsi, wina akulangiza odwala pa chipatala, wina ali pa wailesi, koma galimoto ya ofesi yodzatenga munthu pakhomo inali ya ine ndekha. Mlongo wanga uja anasiya zonyoza, anayamba kupukuta galimotoyo ndi malaya ake anthu akamadutsa.

Ababa ndiye chimwemwe chinawapitirira. Lachinayi lina ine ndili ku ntchito, anatenga buku langa, lija la chikuto chakuda ndi zilembo zagolide, n'kupita nalo ku mphakati kukathokoza Mulungu. Analiika pa tebulo pambali pa mtanda ndi kandulo. Amayi a mu mphakatiwo analulutira. Wapampando wa mphakati, mphunzitsi wopuma amene moyo wake wonse wakhala akudikira munthu woti amuonetse Chingerezi chake, analibwereka kuti akaliwerenge. Kunyumba anakaliwerengadi, mokweza, akumasulira mkazi wake mzere ndi mzere.

Pofika Lamulungu nkhani inali m'kamwam'kamwa. Palibe anavutika kuganiza. Mlonda wogundidwa ndi lole pa njinga analipo mmodzi, woyambitsa nyimbo analipo mmodzi. Koma abale, anthu! Amayi omwe aja amene ankapolokezana nawo nyimbo pa maliro ndi amene anayamba kusuntha pa benchi iwo akakhala. Pa maliro ena anawalanda chipande, ati asagwire ndiwo za anthu. Mu msika anyamata onyamula katundu anaphunzira kulira ngati fisi, moti iwo akamadutsa ndi dengu pamutu kumbuyo kunkamveka "huuwi, huuwi", msika wonse n'kufa nazo. Ena mwa osekawo anali amasiye a kwathu komweko, aja anandiuza kuti amangomva kuti zimachitika. Iwo ndiwo ankaseka kwambiri.

Loweruka m'mawa ndikuchapa, ndinangoona amayi anga aubatizo alowa pa mpanda. Ndinawatulutsira mpando, anakana, anakhala pansi pa khonde. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Mwanawe, komiti ya mphakati yandiitana mawa Misa ikatha. Ati iwenso ukakhalepo. Ndabwera kudzapempha chinthu chimodzi. Ukanene kuti mayi wa m'bukumo kulibe. Ukati unatola apa ndi apo, n'kuumba munthu wako. Anthu angokhala chete, ngakhale asakhulupirire. Ana anga apeze ponamizira."

"Amayi, zimenezo ndi zovuta pang'ono."

"Chovuta n'chiyani? Ndi mawu angati amenewo? Mwana wanga wamkazi sakudya. Wandifunsa kawiri, ine ndakana kawiri. Ukandithandize kukana kachitatu."

Ndinati ndiona. Anaimirira, anati "takhuta", kuthokoza kwa kwathu, ngati kuti ndawapatsa kanthu, n'kumapita.

Chovuta chinalipo. Munthu wa kafukufuku kunena pagulu kuti anapeka munthu ndiye kuti wadzipha yekha. Zikamveka ku yunivesite digiri amatha kulanda, zikamveka ku ofesi galimoto imasiya kubwera. Ndinaimbira foni asupavaiza. Anati pepa, zimachitika, koma ndisayerekeze kunena kuti ndinapeka. Anandipatsa mawu oti ndikanene, akuti malamulo a kafukufuku sandilola kuvomera kapena kukana kuti wofunsidwa anali ndani. Anati mawu amenewo amateteza aliyense. Ndinawalemba pa kapepala n'kuwaloweza.

Komiti inakumana m'kalasi ina ya pa sukulu ya pa tchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Panali anthu ngati khumi okhala pa madesiki a ana, ena atadzaza m'mawindo. Amayi anga aubatizo anawaika pa benchi kutsogolo, okha, atavala bulauzi yawo yoyera. Wapampando anali ndi buku langa, atalowetsamo timapepala posungira masamba. Anawerenga ndime yonse m'Chingerezi, pang'onopang'ono, akunyambita liwu lililonse, kenako n'kumasulira. Atatha anavula magalasi.

"Mwana wathu, tithandize. Nambala seveniyu ali m'chipinda muno?"

Ndinaimirira n'kunena mawu anga oloweza aja. Anatuluka bwinobwino, osaphonya. Anthu anayang'anizana, osadziwa ngati ndavomera kapena ndakana. Mwina zikanathera pomwepo.

Ndiye mayi wina wachikulire wa m'komitimo, amene ankagulitsa tomato moyandikana ndi amayi anga aubatizo, anatsokomola n'kunena kuti, "Apampando, ine ndikuona ngati tikutaya nthawi. Ana a sukuluwa amangopeka izi kuti akhoze mayeso. Ndani angamuuze mwana ngati uyu nkhani ya akuluakulu? Wapeka uyu. Tiyeni tizipita, ana ali ndi njala kunyumba."

Lero ndimadziwa chimene mayiyo ankachita. Ankanditsegulira chitseko. Sanandipemphe kunama, sanandipemphe kuyankhula n'komwe. Ndikanangoweramitsa mutu ngati mwana wogwidwa, anthu akanaseka, wapampando akanatseka buku, aliyense n'kumapita kwawo. Koma m'mawindo muja anayamba kuseka, wina n'kukuwa kuti, "Digiri yabodza!" Ndinaona ababa atazolika pa desiki yakumbuyo. Ine, zaka ziwiri za kusagona, ine wokhoza mopambana, andinene wopeka mayi wa tomato wosadziwa ndi kulemba dzina lake?

"Pepani amayi," ndinatero, mawu ali gwa. "Ine sindipeka. Chilichonse cholembedwa m'bukumo ndi choona, ndipo mawu ake ndili nawo pa rekoda. Dzina lokha ndi limene sindingatchule."

Mayi wa tomato uja anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa. Wapampando anavala magalasi ake mwachifatse, anati, "Zikomo, mwana wathu, watithandiza." Amayi anga aubatizo sanatembenuke. Ndinkangoona msana wawo ndi mfundo ya duku.

Chigamulo chinali chakuti asiye kuyambitsa nyimbo, abweze yunifolomu ya gulu, ndipo Lamulungu lotsatira akaimirire kutsogolo kwa mpingo n'kupepesa chifukwa chokhumudwitsa Akhristu. Anayesa kunena kuti analapa kalekale. Wapampando anati analapa mobisa, koma tchimolo tsopano lili poyera, lalembedwa ndi m'buku momwe. Wansembe watsopano atauzidwa anati za mu mphakati zithere mu mphakati. Yunifolomu anabweza, yochapa ndi yosita, m'jumbo. Koma kuimirira pamaso pa ana awo n'kunena ndi pakamwa pawo, anakana. Lamulungu limenelo sanapite ku tchalitchi, ndipo sanapitenso mpaka kalekale.

Ine ndinachita chiyani? Ndinasamuka. Ndinapeza nyumba ku Chitawira, ndinauza anthu kuti ndi kufupi ndi ku ntchito. Ndikabwera kudzaona makolo ndinkauza dalaivala kuti adzere njira yakumtunda, yosadutsa pa msika. Ndipo Mayi Nambala Seveni sindinawasiye ayi. Ndinapita nawo m'mawekishopu, m'mahotela a zoziziritsa mpweya, pamaso pa abusa ndi mashehe akumwa madzi a m'mabotolo. Nkhani yawo inkagwira ntchito nthawi zonse. Abwana anga ankati ndikaifotokoza ngakhale atsogoleri ouma mitu amafewa, ndipo zinali zoona. Ndinkadziuza kuti amayi ambiri apulumuka chifukwa cha nkhaniyi. Mwina apulumukadi. Ine sindinakumanepo ndi mmodzi.

Patatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, nthawi ya mvula, amayi ondibereka anandiimbira foni m'mawa. Amayi anga aubatizo anali atamwalira. Anali ndi shuga, anagwa mu msika. Anali atauziratu ana awo kuti asadzawatengere ku Nsanje kwa alamu awo, adzawaike m'tauni momwemo.

Ndinapita. Komiti inali itakumana kale n'kugwirizana kuti malemuwo anadzichotsa okha mu mpingo, choncho anthu apite ngati anansi, osati ngati mphakati. Panalibe yunifolomu ndi imodzi yomwe. Panalibe katekisiti. Amayi a gulu anakhala pa mikeka m'zitenje zawo za masiku onse, milomo ili chitsekere, akuyang'anana kuti aone amene ayambe nyimbo kuti akamunenere. Palibe anayamba. Ndinakhalapo pa maliro a mbava yowotchedwa, koma ngakhale pamenepo panali nyimbo. Apa tinkangomva mapazi m'matope ndi kulira kwa ana awo, kuchokera pakhomo mpaka ku manda.

Bokosi litatsitsidwa panafunika pemphero. Anthu anayang'ana wapampando, iye n'kuyang'ana nsapato zake. Amalume a malemu, gogo wina wochokera kumudzi amene za buku sankazidziwa, anaima ndi ndodo yake n'kuyang'ana uku ndi uku, wodabwa.

"Kodi m'tauni muno mumakwirira munthu ngati galu? Palibe wopemphera? Ine ndamva kuti pano pali mwana wake waubatizo, wophunzira za Mulungu mpaka sukulu kutha. Ali kuti? Abwere kuno."

Anthu anapatuka, njira n'kutseguka mpaka pamene ndinaima. Ababa anandikankha pang'ono pamsana. Ndinayenda. Ndinaima kumutu kwa dzenje, nsapato zanga za ku ofesi zikumira m'dothi lofiira.

Ndikanakonda kulemba kuti mawu anandithawa, kuti ndinagwada n'kuulula pamaso pa anthu. Bodza. Ndinapemphera bwino kwambiri. Zaka ziwiri za m'mawekishopu zinali zitandisula. Ndinatchula za Mulungu wa amasiye, za iye amene saweruza monga aweruzira anthu, za mwala umene palibe ayenera kuponya. Ndinadziwa poima, ndinadziwa potsitsa mawu. Amayi a gulu aja anayamba kufwenthera. Mkazi wa wapampando analira mokweza mpaka anachita kumugwira. Nditati amen, khamu lonse linayankha mwamphamvu, ngati anthu amene atulidwa katundu.

Pobwerera anthu ankapatsa moni ababa. Wapampando anawagwira dzanja ndi manja awiri, anati, "Achimwene, apa pokha munaphunzitsa mwana." Gogo wa kumudzi uja anandisisita paphewa, akuti mbumba yake yaikidwa ngati munthu chifukwa cha ine.

Ndinali nditatsala pang'ono kufika pa galimoto pamene mwana wawo wamkazi anandipeza. Tinakulira limodzi, tinkasamba m'beseni limodzi, koma chichitikire cha komiti ija anali asanandiyankhule. Maso anali otupa, dothi la ku manda lili m'manja. Sanakweze mawu, ndipo anandipatsa ulemu umene sanandipatsepo chibadwire.

"Mwapemphera bwino, asisi," anatero. "Ndingofunsa. Za lerozi mukalembanso?"

Ndinamuyang'ana m'maso, n'kumuuza kuti ayi.